Fani ikasiya kuzungulira pa Prius PHV, musafulumire kuimba mlandu relay

Matendawa amakonda kuonekera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Muli pamndandanda wa magalimoto mu Chipembere Highway, galimoto ikungokwawa, ndipo AC yomwe imazizira bwinobwino pochoka kunyumba yayamba kupuma mpweya wofunda ngati wa m'kamwa. Msewu ukangotseguka n'kuponda mafuta, kuzizira kuja kwabwerera. Ambiri amati gasi wa AC watha, n'kupita kukawonjezera. Komatu gasi akatha, AC sizizira ngakhale mukuthamanga. Chimene chachitika apa n'chakuti mphepo ya mumsewu ndi imene imagwira ntchito ya fani, ndipo mutangoima, mphepoyo yathanso. Fani ya kutsogolo sikuzungulira.

Mukafika kugalaja, mawu oyamba amene mumva ndi akuti, "Bwana, imeneyi ndi relay," kutanthauza kaswichi ka magetsi kamene kamayatsa fani. Nthawi zina amalondola. Koma ndaona relay zambiri zabwinobwino zikutayidwa m'chitini cha zinyalala, ndaonanso zatsopano zikupsa pasanathe mwezi chifukwa chimene chinawotcha yoyamba chikadali momwemo. Relay ndi yotchipa, imazuka ndi zala, n'chifukwa chake aliyense amayambira pa iyo. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Ndipo yakuluma pa magetsi a galimoto imadziwika poyeza.

Nditenga chitsanzo cha Toyota Prius PHV, yomwe inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2012, chifukwa ndi imodzi mwa magalimoto otchajidwa pa soketi amene amabwera kuno atagwirapo kale ntchito ku Japan, limodzi ndi Mitsubishi Outlander PHEV yomwe inatuluka mu 2013. Mawaya amasiyana galimoto ndi galimoto, koma kaganizidwe kake n'kamodzi.

Fani imodzi, mabwana atatu

Pa galimoto ya petulo wamba, fani imayang'anira injini ndi AC basi. Injini ikazima, nthawi zambiri nkhani yatha. Pa PHV zinthu sizili choncho. Kutsogoloko kuli radiyeta yoziziritsa injini ya malita 1.8 yotchedwa 2ZR-FXE. Kulinso njira ina ya madzi, yokhala ndi pampu yakeyake ya magetsi ndi botolo lakelake, yoziziritsa inverter, bokosi limene limasintha magetsi a batire lalikulu kuti ayendetse mamota. Ndiye pali kondensa ya AC, imene imataya kutentha kwa gasi. Zonse zitatu zimadalira mpweya umene mafani a kutsogolo amakoka.

Inverter ndi imene anthu amaiwala. Galimoto ikamayenda pa batire lokha, injini ili zii, yozizira ngati mwala, koma inverter ikugwira ntchito yolemetsa ndipo siipirira kutentha kumene injini imapirira. Kompresa ya AC nayo ndi ya magetsi, simayembekeza lamba wa injini, choncho imatha kupopa gasi injini ili chete, ndipo kondensa imafuna mpweya nthawi yomweyo. Ndiye mukamva wina akuti "fani singazungulire chifukwa injini sinatenthe," dziwani kuti akuganiza ngati ali pa Corolla yakale. Pa PHV kompyuta ikhoza kuitana fani chifukwa cha madzi a injini amene afika pakati pa madigiri 90 ndi 100, kapena chifukwa cha inverter, kapena chifukwa gasi wa AC wapanikizika kwambiri.

Choopsa china n'chakuti Prius ilibe singano yoonetsa kutentha kwa injini. Pali kanyali kochenjeza, ndipo kakamayaka ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Munthu wochokera ku Chikwawa akukwera chitunda chopita ku Blantyre kumbuyo kwa lole yodzaza, liwiro lochepa, injini ikukoka, alibe chomuuza kuti madzi akutentha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake AC yofunda pamndandanda si nkhani yongopirira. Ndi kalata yoyamba.

Palinso fani ina imene siyenera kusokonezedwa ndi za kutsogolozi: ya batire lalikulu, kumbuyo, imene imakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto. Makina owerengera zolakwika zimene kompyuta ya galimoto yasunga akaonetsa nambala yakuti P0A82, akunena imeneyo, ndipo nthawi zambiri vuto lake limakhala fumbi ndi thonje la zovala zimene zatseka njira. Koma ziwirizi n'zapachibale ndithu. Fani ya kutsogolo ikafa, AC imafooka, m'galimoto mumatentha, ndipo batire limapuma mpweya wotentha womwewo.

Musanagwire chilichonse

Apa ndikupemphani kuti musandione ngati wamantha. Chikwangwani cha READY chikayaka pa dashibodi, galimoto ndi yamoyo ngakhale simukumva phokoso. Injini ikhoza kulira nthawi ina iliyonse, fani ikhoza kudzuka dzanja lanu lili pakati pa mapiko ake. Pofuna kugwira mafani kapena mapulagi ake, zimitsani galimoto, kiyi muike patali, ndipo zulani chingwe chotchajira. Pa magalimoto ena, monga Chevrolet Volt imene batire lake limaziziritsidwa ndi madzi, pampu ndi fani zimatha kudzuka zokha galimoto ili pa chaja, mwini wake ali m'nyumba.

Mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze. Batire la Prius PHV yoyamba lili ndi ma volt opitirira 200, ndipo la yachiwiri ya 2017 lili ndi pafupifupi 350. Ntchito yonse ya fani ndi relay ili kumbali ya 12V, ndiye palibe chifukwa chofikira kumeneko. Chitsekero cha radiyeta musatsegule madzi ali otentha.

Relay ndi chiyani kwenikweni

Fani imadya magetsi ambiri, ma amp 10 kapena kupitirira pa mota imodzi, ndipo poyamba kuzungulira imakoka kangapo kuposa pamenepo. Kompyuta ya injini singasenze katundu ameneyo. Imangotumiza timagetsi tochepa ku koyilo ya m'kati mwa relay, koyiloyo imasanduka maginito, n'kukoka kachitsulo kamene kamalumikiza mawaya awiri okhuthala. Ndiko ka "tcha" kamene mumamva. Choncho mu relay muli njira ziwiri zosiyana: yaing'ono yolamula, ndi yaikulu yonyamula katundu. Kufufuza konse kwagona pa funso limodzi loyambirira, lakuti kodi chasowa ndi lamulo kapena mphamvu.

Miyendo yake ili ndi manambala. Pa relay zambiri, 85 ndi 86 ndi za koyilo, 30 ndi polowera mphamvu, 87 ndi potulukira relay ikakoka, ndipo 87a, ikakhalapo, ndi potulukira relay ikapuma. Pa tirelay ting'onoting'ono ta magalimoto a ku Japan mupeza 1 ndi 2 za koyilo, 3 polowera, 5 potulukira ikakoka, 4 potulukira ikapuma. Kachithunzi kake kamakhala kojambulidwa pambali pa relay yomweyo. Kawirikawiri koyilo imalandira 12V mbali imodzi nthawi zonse galimoto ikayatsidwa, ndipo kompyuta imalamula poipatsa earth mbali inayo. Izi zimasokoneza ophunzira ambiri: amayeza, n'kupeza 12V pa miyendo yonse iwiri ya koyilo, n'kumati pali shoti. Palibe shoti. Kompyuta sinapereke earth, basi.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalitse. Magalimoto ambiri a Toyota okhala ndi mafani awiri amagwiritsa ntchito relay zitatu ndi mafyuzi awiri akuluakulu, olembedwa RDI ndi CDS pa chivundikiro cha bokosi. Zitatuzi zimapanga liwiro la mitundu iwiri popanda chochepetsera magetsi chilichonse. Pa liwiro lochepa, magetsi amalowa mu mota yoyamba, n'kudutsa mu relay ya miyendo isanu ili chipumire, n'kulowa mu mota yachiwiri, kenako ku earth. Mamota awiri ali pamzere umodzi, akugawana magetsi, iliyonse ikulandira ma volt 6 kapena 7. Pa liwiro lalikulu, relay ya miyendo isanu ija imakoka n'kupatsa mota yoyamba earth yakeyake, ndipo relay ina imapatsa mota yachiwiri magetsi akeake. Iliyonse ikulandira onse.

Mukamvetsa zimenezi, mafani amakuuzani okha pamene pali vuto, musanatulutse n'komwe mita yoyezera magetsi. Mota imodzi ikafa, pa liwiro lochepa zonse ziwiri zimaima, chifukwa mzere waduka, ngati mikanda imene ulusi wake wathothoka. Pa liwiro lalikulu yamoyo ija imazungulira yokha. Liwiro lochepa likasowa koma pa lalikulu zonse ziwiri n'kumazungulira, mamota alibe mlandu, mafyuzi alibe mlandu, vuto lili panjira ya pakati, pa mwendo wa 87a kapena 4 ndi waya wake. Liwiro lochepa likakhala bwino koma pa lalikulu imodzi n'kuima, kayikirani relay imene imabweretsa magetsi a mota yachiwiri ndi fyuzi yake, kapena ya miyendo isanu imene yalephera kukoka. Ya miyendo isanuyi ikalephera kukoka, mota yoyamba imapeza 12V mbali zonse ziwiri, ndipo mota yopanda kusiyana kwa magetsi pa miyendo yake siyenda ngakhale ili yatsopano.

Ndikukumbukira galimoto ina imene inafika itadutsa kale m'manja angapo. Mwini wake, mayi wachikulire ndithu, anali atagula relay zatsopano kawiri. Atandiuza kuti, "Achimwene, fani imalira ngati ndege kenako n'kungoti zii, palibe pakati," ndinatsegula bokosi la mafyuzi. Pamalo a relay ya miyendo isanu panali ya miyendo inayi, yonyezimira, yatsopano. Inalowa bwinobwino, chifukwa mabowo ake ndi ofanana, kungoti bowo limodzi linatsala lopanda kanthu. Liwiro lochepa linali litafa kuyambira tsiku limene inaikidwa, choncho galimoto imadikira mpaka kutentha kukwere kuti mafani adzuke ndi mphamvu zonse. Yemwe anaika sanachite mwadala. Anangoona kuti yalowa.

Kuyeza kwake

Yambani ndi batire laling'ono la 12V. PHV ilibe alternator. Batireli limatchajidwa kuchokera ku lalikulu kudzera mu converter, kachipangizo kotsitsa magetsi, ndipo galimoto ili READY muyenera kuona ma volt oyandikira 14. Ikazima, batire labwino limakhala pafupi ndi 12.6. Batire lofooka limachititsa relay kunjenjemera, kukoka n'kusiya, ndipo kunjenjemera kumeneko kumathetheka moto pa tizitsulo ta m'kati mpaka kupsa. Magalimoto amene akhala miyezi padoko ndi pamsewu wochokera ku Dar es Salaam amafika ambiri ali ndi batire lotopa kale.

Kenako werengani zimene kompyuta yasunga. P0480 ndi P0481 zimanena za njira yolamula fani yoyamba ndi yachiwiri. Onani bwino: zikunena njira, osati relay. Waya wodyedwa ndi khoswe, pulagi ya dzimbiri, koyilo yoduka, zonse zikhoza kubweretsa nambala yomweyo. P0117 ndi P0118 ndi za sensa ya kutentha kwa madzi. P0A93 imanena kuti inverter sikuzizira bwino, ndipo ngakhale nthawi zambiri mlandu umagwera pampu yake, fani yakufa ikhozanso kuibweretsa. Dziwaninso kuti kusowa kwa nambala si umboni woti zonse zili bwino. Pa magalimoto ambiri kompyuta siona mbali yonyamula katundu. Imangodziwa kuti yalamula, ndipo mota ikapanda kuzungulira imadzazindikira kutentha kutakwera kale.

Makina abwino, monga Techstream ya Toyota, amalola kulamula fani kuti iyake pomwepo. Ameneyu ndiye muyeso woposa onse, chifukwa simukudikira kuti galimoto itenthe. Popanda makinawo, yatsani AC mwamphamvu galimoto ili READY, muime pambali, manja kumbuyo, muyang'ane. Ikani chala pamwamba pa bokosi la relay lokha, kutali ndi fani, wina akuyatsa ndi kuzimitsa AC. Mukamva ka "tcha" koma fani osayenda, lamulo lafika, vuto lili kumbali ya mphamvu. Mukapanda kumva kalikonse, tsatirani mbali yolamula.

Kusinthanitsa ndi relay ina yofanana, monga ya hutala, ndi njira yabwino yachangu, bola manambala ndi miyendo zikhale zofanana ndendende. Zina zimakhala ndi diode m'kati, kachipangizo kodutsitsa magetsi mbali imodzi yokha, yotetezera kompyuta, ndipo zotere siziyenera kutembenuzidwa magetsi. Relay yozulidwa iyezeni koyilo: ma ohm apakati pa 50 ndi 120 ndi abwino pa zambiri, ndipo mita ikaonetsa kuti palibe njira, koyilo yaduka. Ipatseni 12V pa miyendo ya koyilo, imve kukoka.

Koma kukoka si umoyo. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Relay ikhoza kulira bwino, mita n'kulira kuti njira ilipo, koma tizitsulo ta m'kati tili takuda ndi mwaye. Mita imatumiza timagetsi tochepa kwambiri, todutsa ngakhale pa ulusi umodzi wa waya. Fani imafuna msewu waukulu. Tiyeni tiwerengere: malo opsa akangokhala ndi 0.1 ohm yokha, imene mita yotchipa singaisiyanitse ndi ya zingwe zake zomwe, ndiye n'kudutsitsapo ma amp 15, patayika volt 1.5, ndipo pamalo aang'ono ngati njere ya mpunga pakutuluka kutentha kwa ma watt opitirira 22. N'chifukwa chake mumapeza pulasitiki ya soketi itasungunuka, mwendo wa relay utasanduka wabuluu, kafungo ka chopserera kakutuluka mukatsegula bokosi. Ndiye muyeso woona ndi wa magetsi otayika fani ikugwira ntchito: zingwe za mita pa sikelo ya volt, chimodzi polowera, china potulukira. Relay yabwino imataya pang'ono zedi, 0.1 kapena 0.2. Mukaona theka la volt kapena kupitirira, yadwala. Chitani chimodzimodzi pa fyuzi, pa pulagi ya mota, ndiponso kuchokera pa earth ya mota kufika pa negative ya batire. Waya wa earth amamangidwa pa bodi pansi, pofika matope a dzinja ndi madzi a ochapa magalimoto, ndipo kaboti kake ka dzimbiri kapusitsa amisiri ambiri.

Yang'ananinso mabowo a soketi. Akatentha kamodzi amataya mphamvu yogwira, ndipo relay yatsopano imalowa mopepuka ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Mukaika yatsopano m'soketi yotere, pamsewu wa mabampu imagwedera, kuthetheka, n'kupsanso.

Kulumikiza mabowo ndi waya kuti muone ngati mota ikuyenda n'kololedwa, koma wayayo akhale ndi fyuzi, ndipo mutsimikize kuti ndi mabowo a 30 ndi 87, kapena 3 ndi 5. Mukaphonya n'kulowetsa 12V yosadutsa mu koyilo pa waya wopita ku kompyuta, mukhoza kuwotcha kompyutayo, ndipo nkhani ya kachipangizo kotchipa yasanduka ya ndalama zambiri. Pa chifukwa chomwecho, tesita ya babu lalikulu isakhudze waya wa kompyuta. Gwiritsani ntchito mita kapena tesita ya LED. Pa dongosolo la relay zitatu lija, kumbukirani kuti kulumikiza malo amodzi kukhoza kuyendetsa mafani onse awiri pang'onopang'ono, kapena imodzi yokha, ndipo zonsezo n'zolondola malinga ndi bowo limene mwagwira.

Chimene chinapha relay

Mwapeza relay yopsa. Musatseke boneti. Relay yopsa nthawi zambiri imakhala mboni chabe, ndipo wopalamula ndi mota. Mota ikakalamba, maburashi amatha, mabeyaring'i amauma ndi fumbi, ndipo imayamba kukoka magetsi oposa muyezo. Galimoto ili yozima, pulagi ya fani itazulidwa, zunguzani mapiko ndi chala. Ayenera kuyenda mofewa. Akamalimba, kapena kugwedera m'mbali, kapena kukhula pa chimango, mota ikudwala. Ndapezamo jumbo ya pulasitiki itakulunga pa shafuti, masamba a chimanga, ngakhale chisa cha khoswe. Yezani ma amp ndi mita yopana waya, muyerekeze mamota awiriwo pa liwiro lalikulu. Imodzi ikamakoka kwambiri kuposa inzake popanda chifukwa, kapena kuyandikira nambala ya fyuzi, mwampeza. Mota imene imadzuka pokhapokha mwaigogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva yatha maburashi, ndipo idzaimanso pa tsiku la dzuwa. Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza musaike yaikulu, komanso musakulunge kawaya; fyuziyo ikuteteza mawaya a m'bokosi lonse.

Vuto limabweranso motembenuka: fani yosazima. Tizitsulo ta relay tikawotcherana, fani ikhoza kuzungulira galimoto itazima mpaka batire la 12V litatha. M'mawa galimoto siyaka READY ngakhale batire lalikulu ladzaza, chifukwa ndi laling'ono limene limadzutsa makompyuta ndi kulumikiza lalikulu. Zulani relay imodziimodzi. Imene fani yaima mutaizula, iyezeni ili m'manja, ndipo njira ikakhalapo pakati pa 30 ndi 87 popanda magetsi pa koyilo, yawotcherana. Koma fani ikamathamanga mwamphamvu galimoto ili yoyaka, injini ili yozizira, relay ikungomvera. Kompyuta ikataya uthenga wa sensa ya kutentha imayatsa mafani dala kuti iteteze injini. Sensa imeneyi pa Toyota imaonetsa ma ohm pafupifupi 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 pa madigiri 80. Njira yachidule ndi kuyang'ana pa makina m'mawa galimoto isanayende: kutentha kwa madzi kuyenera kufanana ndi kwa kunja. Mukaona akulemba madigiri 40 pansi pa ziro muli ku Salima, waya wa sensa waduka kapena pulagi yazuka.

Magalimoto atsopano ambiri anasiya relay zitatuzi. Ali ndi kabokosi kolamula liwiro komata pa chimango cha fani, kolandira magetsi kudzera pa fyuzi yaikulu, nthawi zina ndi relay imodzi yokha, ndi kawaya kowonda kochokera ku kompyuta. Pa kawayako kompyuta imatumiza magetsi oyaka ndi kuzima mofulumira kwambiri, ndipo kutalika kwa nthawi yoyaka ndi kumene kumauza fani liwiro. Mukatsegula bokosi n'kupeza relay ya fani ndi imodzi, kapena palibe, yang'anani pulagi ya pa fani: mawaya awiri okhuthala ndi mmodzi wowonda. Yezani okhuthalawo fani italamulidwa kuyaka, onse awiri, wa magetsi ndi wa earth. Wowondayo musamupatse 12V. Muikeni mita imene imawerenga duty, kutanthauza gawo la nthawi limene magetsi ali oyaka, mulamule liwiro pa makina, muone ngati nambala ikusintha. Ikamasintha, magetsi ndi earth zili bwino, koma fani ili chete, ndiye kuti kabokosiko kapena mota yake ndi imene yafa, ndipo pa magalimoto ambiri ziwirizi zimagulitsidwa pamodzi.